Ntchito ya pakati pa bwalo iyambe kulembedwa

Timu ya FOMO itakwera mu ligi yaikulu ya dziko lino m'chaka cha 2024, anthu a ku Mulanje anapeza mwayi woonera matimu akuluakulu pakhomo pawo, pa bwalo la Mulanje Park, phiri litaima chilili kumbuyo kwawo. Amene sanathe kufika pabwalo ankadikira wailesi kapena nyuzipepala, ndipo ankamva zomwe takhala tikumva kuyambira kale: timu yakuti yapambana ndi zigoli zakuti, wagoletsa ndi uje pa mphindi yakuti. Nkhani imathera pomwepo. Mnyamata amene analanda mpira pakati pa bwalo, amene anatseka njira mdani asanafike n'komwe kwa otchinga kumbuyo, amene anathamanga mphindi zonse 90 n'kutuluka jezi ili chonyowa, dzina lake silimveka. Ikafika nthawi yokambirana malipiro kapena yosankha osewera a timu ya dziko, mnyamata uja alibe pepala lililonse lomuchitira umboni. Vuto limeneli lili pafupifupi m'masewero onse, koma pali masewero amodzi a kutali, a baseball, amene analimbana nalo poyera kwa zaka zambiri mpaka zinthu zinayamba kusintha. Mbiri yawo ikuonetsa kuti m'masewero ulemu ndi ndalama zimatsata chimene chalembedwa, ndipo ntchito imene palibe akuilemba imagwiridwa ulere ngakhale ikhale yolemera bwanji.

Baseball imaseweredwa kwambiri ku United States, Japan, South Korea, Cuba, Venezuela ndi ku Dominican Republic, ndipo imafanana pang'ono ndi raundasi amene ana amasewera kusukulu. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 9 pabwalo, ndipo masewero amakhala ndi zigawo 9. M'chigawo chilichonse timu imodzi imamenya mpira ndi chibonga, ina n'kumaponya ndi kuwakha, mpaka omenya atatu atatulutsidwa, kenako amasinthana. Munthu wofunika koposa ndi woponya, amene amaima pa kachulu pakati pa bwalo n'kumaponya mpira wolimba pa liwiro lopitirira makilomita 150 pa ola. Kale woponya mmodzi ankayamba masewero n'kuwamaliza yekha, ndipo kulowetsa wina kunali kuvomereza kuti zinthu zavuta. Masiku ano woyamba amaponya kokwana pafupifupi 100, zomwe zimamufikitsa chigawo chachisanu kapena chachisanu ndi chimodzi, mkono n'kutopa. Chigawo chomaliza ndi cha katswiri wotseka masewero, amene m'mabwalo ena amalowa nyimbo yake ikulira, ochemerera ataimirira. Pakati pa awiriwa pamatsala zigawo ziwiri kapena zitatu, ndipo m'menemo ndi mmene mumalowa oponya a pakati. Nthawi zambiri amalowa zinthu zitaipa kale, adani ataima pa malo awiri kudikira kugoletsa, womenya woopsa wa timu inayo atagwira chibonga. Akazimitsa motowo amatuluka mwakachetechete, kupambana n'kulembedwa pa dzina la woyamba uja, chisangalalo cha kumapeto n'kugwera wotseka.

Ulemu wa wotseka masewero nawonso unachita kupangidwa, ndipo anaupanga ndi mtolankhani. Cha m'ma 1960, Jerome Holtzman, wolemba nkhani zamasewero mumzinda wa Chicago, anaona kuti oponya olowa m'malo mwa anzawo alibe chowayezera, ndiye anakonza chiwerengero chotchedwa save, chimene ligi yaikulu ya ku America inachivomereza mu 1969. Lamulo lake mwachidule n'lakuti woponya amene walowa timu yake ikutsogola ndi mapointi osapitirira atatu, n'kumaliza masewero osataya chitsogozocho, amapatsidwa save imodzi. Holtzman ankafuna kuthandiza anthu oiwalika, ndipo anawathandizadi, koma anathandiza yekhayo amene amaponya mpira wotsiriza. Pofika mu 1988, mphunzitsi Tony La Russa wa timu ya Oakland anali atayamba kusunga Dennis Eckersley kuti azilowa makamaka m'chigawo chomaliza, ndipo matimu ena onse anatengera. Eckersley anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi yake mu 1992. Kuchokera apo malipiro a oponya olowa m'malo anayamba kutsata chiwerengero cha ma save, aphunzitsi anayamba kusunga woponya wawo wabwino kuti adikire nthawi imene lamulo la save likugwira ntchito, ndipo chiwerengero chimene chinapangidwa kuti chifotokoze masewero chinayamba kulamula mmene masewerowo akuseweredwera.

Kuti timvetse kuti nkhaniyi imakhudza mthumba, tione zimene zinachitikira Dellin Betances wa timu ya New York Yankees. Mu 2014 iye anatulutsa omenya 135 powaphonyetsa mpira, kuposa woponya wolowa m'malo aliyense m'mbiri ya timuyo, ndipo anasankhidwa m'gulu la akatswiri a ligi zaka zinayi zotsatizana. Ntchito yake yambiri inali ya chigawo chachisanu ndi chiwiri ndi chachisanu ndi chitatu. Mu February 2017 anapempha malipiro a madola 5 miliyoni, timu inaima pa 3 miliyoni, ndipo oweruza nkhani za malipiro anakomera timu. Mkulu wa timuyo, Randy Levine, anauza atolankhani poyera kuti ndalama zimene Betances ankafuna ndi za otseka masewero, pamene iye sanali wotseka. Komatu Betances ankaponya bwino kuposa otseka ambiri. Chimene chinamusowa chinali nambala imene oweruza anazolowera kuiwerenga, ndipo kusowa kwa nambalayo kunamudyera madola 2 miliyoni m'chaka chimodzi.

Mwezi wa October 2016 ndi umene unatsegula maso a anthu ambiri, chifukwa m'masabata ochepa anaona njira zonse ziwiri, yakale ndi yatsopano. Pa 4 October timu ya Baltimore inakumana ndi ya Toronto m'masewero oti wogonja watuluka. Baltimore inali ndi Zach Britton, amene chaka chimenecho anapatsidwa mwayi wotseka masewero maulendo 47 ndipo sanaphonye ngakhale kamodzi. Zigawo 9 zinatha matimu ali 2-2, masewero n'kupitirira. M'chigawo cha nambala 11 mphunzitsi Buck Showalter analowetsa woponya wina, Ubaldo Jiménez, Britton akudikirabe kuti timu yake iyambe yatsogola. Omenya awiri anamenya mpira n'kukaima pa malo awo, Edwin Encarnación anafika, ndipo mpira woyamba umene anamuponyera anautumiza kunja kwa mpanda. Toronto inapambana 5-2, Baltimore inanyamuka ulendo wa kwawo woponya wake wabwino koposa asanaponye mpira ngakhale umodzi. Masiku awiri okha atadutsa, mphunzitsi wa Cleveland, Terry Francona, anachita zosiyana: analowetsa Andrew Miller, woponya wake woopsa kwambiri, m'chigawo chachisanu polimbana ndi Boston, chifukwa anaona kuti ngozi ili pamenepo. Anapitiriza kumugwiritsa ntchito chomwecho pamene Cleveland inakumana ndi Toronto yomwe ija, ndipo Miller anatulutsa omenya 14 powaphonyetsa mpira popanda kulola pointi ngakhale imodzi, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana wa ndime imeneyo. Aliyense woonera anatha kuona yekha kuti mphindi imene masewero amapendekera siidziwika ndi wotchi, imadziwika ndi amene waima kutsogolo kwako ndiponso kuchuluka kwa zimene ungataye pa mpira umodziwo.

Kusinthaku kunali kutayamba kale pang'onopang'ono, ndipo kunayambanso ndi anthu olemba. Mu 1986 John Dewan ndi Mike O'Donnell anakonza chiwerengero china chotchedwa hold, cha woponya wa pakati amene walandira chitsogozo n'kuchipereka kwa mnzake chili bwinobwino. Pambuyo pake wofufuza wina, Tom Tango, anakonza njira yoyezera kulemera kwa mphindi iliyonse ya masewero, poona mapointi, chigawo ndi adani amene aima pabwalo, ndipo zinaoneka kuti kawirikawiri mphindi yolemera koposa imagwa m'chigawo chachisanu ndi chiwiri kapena chachisanu ndi chitatu. Timu ya Kansas City Royals, ya mumzinda womwewo umene Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya 2024, inafika mu ndime yomaliza mu 2014 ndi kutenga chikho mu 2015 itatsamira kwambiri pa oponya olowa m'malo monga Kelvin Herrera, Wade Davis ndi Greg Holland. Mu 2020 Devin Williams wa ku Milwaukee anatenga mphoto ya wosewera watsopano wopambana mu ligi yake alibe save ngakhale imodzi. Ku Japan anapita patsogolo msanga: kumeneko kuli mphoto yapachaka ya woponya wa pakati, ndipo mu 2011 Takuya Asao wa Chunichi Dragons, ataponya m'masewero 79, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu Central League. Ngakhale Mariano Rivera, amene ali ndi ma save 652 kuposa wina aliyense, chaka chake chimene chinamutchukitsa, cha 1996, anali woponya wa pakati wokonzera njira John Wetteland. Mkono unali womwewo, chinasintha ndi chigawo chimene ankalowa.

Tikabwera kwathu, masewero amene akuonetsa mfundoyi bwino kwambiri ndi mpira wa manja. Malamulo ake amalola osewera awiri okha pa asanu ndi awiri kuponya mpira pagolo, motero mayina a ogoletsa adzakhala awiri omwewo tsiku lililonse. Koma chofunika kuchiganizira ndi ichi: mu mpira wa manja matimu amayamba mpira pakati mosinthana, kaya wagoletsa ndani. Ngati timu iliyonse igoletsa pa mpira umene yayamba, masewero atha mofanana. Kusiyana kumabwera makamaka pamene wina walanda mpira wa adani, kapena wakakamiza mdani kuugwira kupitirira masekondi atatu, kapena wamuchititsa kuponya mpira wotayika. Amene amachita zimenezi ndi osewera a pakati ndi otchinga, ndipo ndi iwonso amene amadutsitsa mpira m'zigawo zitatu za bwalo mpaka kuuika m'manja mwa wogoletsa pansi pa golo. Pamene ma Queens anagonjetsa New Zealand 57-53 pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast mu April 2018, anali kumbuyo popita kokapuma, ndipo timu siingachoke kumbuyo n'kupambana popanda kulanda mipira ingapo ya adani. Mwai Kumwenda anayenera ulemu wonse umene analandira, monganso anayenera kusankhidwa kukhala wosewera wopambana pa chikho cha dziko lonse ku Sydney mu 2015. Koma funsani wokonda masewero aliyense pa Chitakale kapena pa Limbuli kuti Takondwa Lwazi anapatsira mipira ingati tsiku limenelo, kapena kuti Towera Vinkhumbo ndi anzake anatchinga ingati, muona kuti nambala imene tonse tinasunga ndi 57 yokha.

Mu mpira wa miyendo nkhani ndi yomweyo. Chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ali kutali ku Yaoundé mu January 2022 chidzakumbukiridwa kwa zaka zambiri, pamodzi ndi ziwiri zimene anamwetsa Zimbabwe. Koma pa mpikisano womwewo ma Flames analepherana 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané, timu imene inapitirira mpaka kutenga chikho cha Africa. Kuimitsa timu yotere mphindi 90 ndi ntchito ya anthu monga John Banda pakati, Dennis Chembezi kumbuyo ndi Charles Thom pagolo, ndipo pa pepala la zotsatira ntchito yonseyo imaoneka ngati ziro. Ku Ulaya nako zinatenga nthawi. Real Madrid inalola Claude Makélélé kupita ku Chelsea mu 2003 pomuona ngati wosewera wamba, n'kuvutika pakati kwa zaka zingapo. Pamene N'Golo Kanté ankasankhidwa ndi osewera anzake kukhala wopambana ku England mu 2017, ndi pamene Rodri ankalandira Ballon d'Or mu 2024, zinali zitatheka kale kuonetsa pa pepala kuti wosewera walanda mipira ingati ndipo wapatsira ingati yolondola. Maso a akatswiri ankaona ntchitoyo kuyambira kale, koma mavoti ndi makontirakiti anasuntha manambala atafika.

Pali amene anganene kuti zonsezi n'kukometsera chabe, chifukwa masewero amapambanidwa ndi zigoli ndipo womwetsa zigoli ndi amene amasowa. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, tisaipeputse. Osewera pakati olimbikira alipo ambiri m'boma lililonse, pamene munthu wodziwa kuika mpira mu ukonde goloboyi atamuyandikira amapezeka mmodzimmodzi, ndipo chosowa chimakwera mtengo. Mu baseball momwemo woponya woyamba wabwino amaponya zigawo zochuluka kuwirikiza katatu kuposa wa pakati, ndiye n'zomveka kuti azilandira zambiri. Koma palibe akupempha kuti wogoletsa achotseredwe kanthu. Chimene chikufunika n'kutha kusiyanitsa wosewera pakati wabwino kwambiri ndi wongolimbikira, ndipo apa ndi pamene kusalemba kumatipweteka. Zoti osewera pakati alipo ambiri ofanana timazikhulupirira chifukwa sitinawayezepo. Baseball itayamba kuyeza inapeza kuti pakati pa oponya amene onse ankaoneka ngati otsala panali anthu ngati Betances ndi Miller, amene ankasintha zotsatira za masewero, ndi ena amene ankangodzaza malo. Timu yosauka ndi imene imapindula kwambiri ndi kudziwa zimenezi, popeza singapikisane ndi matimu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe pogula womwetsa zigoli wotchuka, koma ingathe kupeza nambala 6 wabwino amene matimu olemerawo sanamuone.

Ena adzati manambala amanama, ndipo pa ichi akunena zoona kuposa mmene akuganizira. Hold yomwe ija ili ndi zilema zake: woponya angathe kulowa, kutulutsa munthu mmodzi, kusiya adani awiri pabwalo, n'kupatsidwabe hold chifukwa mnzake wobwera pambuyo wamupulumutsa. Ligi yaikulu ya ku America siiwerenga ngati chiwerengero chovomerezeka monga save. Mu mpira wa miyendo, wosewera amene amaima pamalo oyenera mwakuti mdani saganiza n'komwe zodutsa mbali yake angathe kumaliza masewero osalanda mpira ngakhale umodzi, pamene wina amene amachedwa nthawi zonse n'kumagwetsa anthu angaoneke ngati wakhama. Komanso taona mmene save inasokonezera aphunzitsi mpaka Showalter kusiya Britton pa benchi. Komabe tikaunika bwino, vuto la save linali lakuti inali nambala yokhayo, ndipo mankhwala ake anali kuwonjezera zoyezera zina mpaka chithunzi chitakwanira. Ife panopa tili pamene baseball inali save itangobwera kumene: tili ndi nambala imodzi, ya zigoli, ndipo ndi imene ikulamula amene atchulidwe pa wailesi, amene aitanidwe ku timu ya dziko ndi amene alandire envelopu kwa bwana masewero akatha. Wokana kulemba poopa kuti manambala amanama amakhala wavomera kulamulidwa ndi nambala imodzi imeneyo.

Mulanje ili kale ndi chitsanzo chake cha mmene kuyeza kumaonetsera anthu obisika, ndiponso cha pamene kuyezako kumalekezera. Mlendo akakwera mpaka pa Sapitwa, mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere, chithunzi chimene chimayenda pa intaneti chimakhala cha iye yekha atakweza manja. Chikwama chake, zakudya zake ndi zofunda zake zinakwera pamsana pa mnyamata wa ku Likhubula, amene anadutsa matanthwe oterera omwewo atasenza katundu, n'kukafika ku nyumba yogona ya Chisepo n'kukoleza moto mlendoyo asanapume. Mpikisano wothamanga wa pa phiri, wa Mount Mulanje Porters Race, unayamba ngati wa anthu amenewa, onyamula katundu ndi olondolera alendo, usanatsegulidwe kwa aliyense. Othamanga amanyamuka pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso pa Likhubula, mtunda wa makilomita opitirira 20 umene alendo ambiri amauyenda mogona m'njira, koma opambana amaumaliza pasanathe maola atatu. Wotchi ndi chingwe cha pomalizira zinachita zimene mawu oyamikira sakanachita: zinaonetsa dziko kuti onyamula katundu a pa phiri ili ndi akatswiri a masewero. Koma mpikisanowo umayeza liwiro la munthu wopanda katundu tsiku limodzi pa chaka. Suyeza kudekha kwa wolondolera amene wabweza alendo chifunga cha chiperoni chitatsika, kapena mphamvu za amene wanyamula mlendo wothyoka mwendo kutsika naye. Tsopano phirili litalowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2025, alendo akhoza kuchuluka, ndipo ulemu weniweni wa anthu amenewa udzaoneka pa mtengo wa tsiku limodzi la ntchito yawo.

Apa ndi pamene pali chitsutso cholemera kuposa zonse, ndipo sindikufuna kuchizemba. Kutchuka kwa oponya a pakati sikunawachotsere mavuto onse, mwinanso kunawonjezera ena. Matimu atadziwa kuti munthu woponya chigawo chimodzi ndi mphamvu zake zonse ndi wovuta kumumenya, anayamba kusonkhanitsa anyamata ambiri otere, kuwauza kuti aponye mwamphamvu mmene angathere, ndipo mkono ukaduka mtsempha amaitana wina. Greg Holland sanaponye nawo m'masewero omaliza a 2015 chifukwa chigongono chake chinafunika opaleshoni. Miller yemwe uja anafika pa masewero otsiriza a 2016 atagwira ntchito yochuluka, omenya a Chicago Cubs anamupeza, ndipo Cleveland inaluza chikho. Tayler Scott wa ku Johannesburg, woponya woyamba wa ku South Africa kufika mu ligi yaikulu ya ku America mu 2019, wakhala akusamuka kuchoka ku Seattle kupita ku Baltimore, ku Hiroshima, ku San Diego, ku Boston ndi kwina, asanakhale ndi chaka chabwino ku Houston mu 2024. Umenewo ndiwo moyo wa oponya a pakati ambiri. Ndipo m'nyumba ya ulemu ya baseball ku Cooperstown, oponya olowa m'malo amene analowamo ndi odziwika ndi kutseka masewero. Choncho kulemba pakokha sikubweretsa chilungamo. Chimene kumachita n'kupatsa wosewera poyambira kukambirana. Miller anasaina kontirakiti ya madola 36 miliyoni ya zaka zinayi mu December 2014 ali ndi mbiri ya woponya wa pakati, chinthu chimene m'badwo wa m'mbuyo mwake sukanachiyembekezera. Wosewera wathu amene bondo lake latha ndi mabwalo ouma a m'chilimwe amatayidwa chimodzimodzi, koma iye amachoka wopanda ngakhale pepala loonetsa zimene anachitira timu.

Chotsala ndi nkhani ya ndalama, yoti matimu athu akuvutika kupeza ya mafuta a basi ndiye sangakwanitse makamera ndi makompyuta a ku Ulaya. Yankho lake lili m'mbiri yomweyi. Holtzman anali ndi cholembera ndi pepala basi, ndipo baseball inkalembedwa pamanja kwa zaka zambiri kompyuta isanabwere. Pa bwalo la sukulu ku Chonde kapena ku Muloza, ana awiri a fomu 3 okhala ndi kope la masamu angathe kulemba zinthu zinayi pa wosewera aliyense: mipira imene walanda, imene wataya, imene wapatsira n'kubala mwayi wogoletsa, ndi mphindi zimene wasewera. Mu mpira wa manja n'zosavuta kuposa apa, chifukwa bwalo ndi laling'ono ndipo mpira uliwonse wolandidwa umaoneka poyera. Zolembazo zidzakhala ndi zolakwika, olemba awiri adzasiyana pa mpira wina, koma pakatha masewero khumi dzina limene likubwerabwera pamwamba silingakhale langozi. Mafoni ojambula alinso m'matumba mwa ochemerera ambiri, ndipo mphunzitsi angathe kuoneranso masewero madzulo n'kutsimikiza zimene zalembedwa. Ndikuganizanso kuti mwana amene waphunzira kuonera mpira ndi cholembera m'manja ndi amene adzakhale mphunzitsi kapena mtolankhani wabwino mawa, chifukwa waphunzira kuyang'ana kumene mpira ukuchokera m'malo mongoyang'ana kumene wathera.

Mabungwe a FAM, SULOM ndi NAM ali ndi mphamvu yolamula kuti pepala la zotsatira za masewero aliwonse a ligi likhale ndi malo a mipira yolandidwa ndi yopatsira, ndiponso kuti zimenezi zizitumizidwa kwa atolankhani pamodzi ndi zigoli. Owulutsa mpira pa wailesi angathe kuyamba Loweruka likubwerali kutchula amene walanda mpira asanatchule amene wagoletsa. Koma sitiyenera kudikira Blantyre kapena Lilongwe. Inu aphungu, amalonda ndi akuluakulu a m'minda ya tiyi amene mumathandiza zikho ndi mabonanza m'boma la Mulanje, pa mphoto zimene mumapereka kwa womwetsa zigoli zambiri ndi kwa goloboyi wabwino, onjezani ya wosewera pakati, ya anyamata ndi ya atsikana, ndipo ndalama yake ifanane ndi ya wogoletsa. Uzani okonza mpikisano kuti wolandira mphotoyo asankhidwe kuchokera m'kope lolembedwa kuyambira masewero oyamba, ndipo kopelo liwerengedwe pamaso pa anthu tsiku la fainolo.